Kusanja Mawu a Chichewa pa Pepala ndi pa Foni: Phunziro Lochokera ku Kachebere

Chiyambi

Pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka changa choyamba ku yunivesite ndidapita kwathu ku Kachebere, m'boma la Mchinji, nditanyamula laputopu yakale yomwe ndidagula kwa mnzanga wina. Kumudzi munthu ukangooneka ndi kompyuta, anthu amayesa kuti palibe chimene chingakukanike pa makinawo. Motero sabata isadathe, atsibweni anga, omwe pa nthawiyo adali wapampando wa kwaya ya tchalitchi chathu chaching'ono, adandiitanitsa. Denga la tchalitchicho lidali litayamba kudontha, ndipo akhristu adapangana zoitana makwaya a m'midzi yoyandikana nafe kuti adzaimbe tsiku limodzi, anthu adzalipire pakhomo, ndalama zake adzagulire malata mvula isadagwe. Kwa ine ankafuna chinthu chimodzi: chidziwitso choitanira anthu, choti chimatidwe pamitengo ndi pazipupa za magolosale, komanso chitumizidwe pa WhatsApp.

Ndidachezera usiku wonse. Ndidasankha mitundu isanu ndi iwiri ya zilembo, ina yopotanapotana. Kumbuyo ndidaika chithunzi cha phiri la Kachebere, pamwamba pake mawu ofiira, m'mbali maluwa, nkhunda ziwiri ndi ng'oma. M'mawa ndidapita nacho kwa atsibweni ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Iwo adachiyandikitsa kumaso, adachitalikitsa, kenaka adati, "Mphwanga, chakongola ndithu. Koma nanga zimenezi zichitika liti?" Tsiku lidalipo, koma lidali pansi penipeni, m'tizilembo tating'ono tofiira pa udzu wobiriwira wa m'chithunzi muja. Ngati munthu yemwe ankalidziwa kale tsikulo adalephera kulipeza, mlendo wodutsa pa njinga akadalipeza bwanji?

Funso la atsibweni ndilo lidandichititsa kuyamba kuwerenga za kasanjidwe ka mawu ndi zithunzi pa tsamba. M'chimangirizo chino ndifotokoza zomwe ndidapeza. Mfundo yanga ndi yakuti tsamba limakongola pamene likuthandiza diso la wowerenga kupeza msanga zomwe akufuna, ndiponso kuti wosanja mawu a Chichewa ayenera kudziwa mapangidwe a chiyankhulochi, chifukwa zida zambiri zomwe tikugwiritsa ntchito zidakonzedwa poganizira Chingerezi.

Kumene lusoli lidachokera

Mawu osindikizidwa si achilendo ku Kachebere. Ansembe a chipani cha White Fathers adatsegula mishoni pamalopa mu 1903, ndipo mu 1939 adatsegulapo seminale yaikulu yomwe inkaphunzitsa anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia. Mabuku ambiri a mapemphero, a nyimbo ndi a katekisimu omwe makolo athu adakula nawo ankachokera ku Likuni Press ku Lilongwe, komwenso kunkasindikizidwa nyuzipepala ya Odini. Nditakhumudwa ndi chidziwitso changa chija, ndidabwereka buku lakale la nyimbo la agogo anga aakazi n'kuliyang'anitsitsa. Mtundu wa zilembo udali umodzi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Nambala ya nyimbo idali yakuda bii, yooneka patali. Pakati pa ndime ndi ndime padali mpata, ndipo m'mbali mudatsala malo ogwirapo chala chachikulu popanda kuphimba mawu. Mudalibe duwa ngakhale limodzi, koma agogo amapeza nyimbo m'bukulo kwaya isadamalize mzere woyamba.

Kudziletsa kotereku kudali ndi chifukwa chake. Kuyambira pamene Johannes Gutenberg adasindikiza Baibulo ku Mainz cha m'ma 1455, osindikiza adagwiritsa ntchito zilembo zachitsulo kwa zaka mazana angapo. Mtundu uliwonse wa zilembo, pa kukula kulikonse, udali ndi bokosi lakelake ndipo unkagulidwa ndi ndalama zambiri. Wosanja zilembo ankaphunzira ntchitoyi kwa zaka. Zinthu zidasintha mu 1985 pamene kampani ya Aldus idatulutsa pulogalamu ya PageMaker ya pa kompyuta za Apple Macintosh. Pambuyo pake padabwera CorelDRAW mu 1989 ndi Microsoft Publisher mu 1991, mapulogalamu omwe ambirife tidawaonera m'timashopu ta fotokope m'maboma mwathu. Mu 2013 ku Australia kudayamba Canva, yomwe munthu atha kuigwiritsa ntchito pa foni ali pakhonde kwawo.

Kusinthaku n'kwabwino, pakuti kwaya ya kumudzi siyeneranso kupita ku Lilongwe kukasindikizitsa chidziwitso. Vuto n'lakuti zida zidafika kwa aliyense koma maphunziro a osindikiza aja sadafike nazo limodzi. Munthu amatsegula pulogalamu, amapeza mitundu ya zilembo mazanamazana yaulere, ndipo amafuna kulawa yonse. Akuluakulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Mfundo zisanu za kasanjidwe

Mfundo yoyamba ndi kusiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono. Munthu woima pa chidziwitso amakhala ndi mafunso anayi: n'chiyani, liti, kuti, ndipo ndi ndalama zingati. Musadatsegule kompyuta, lembani mayankho a mafunsowa pa pepala ndi pensulo, ndipo musankhe lomwe diso liyenera kuyamba kuona. Limenelo lokha ndilo likhale m'zilembo zazikulu kwambiri. Pamsonkhano aliyense akamakuwa, palibe amene amamveka, ndipo pa tsamba ndi chimodzimodzi. Kukula kwa zilembo kumayezedwa m'mapointi, ndipo mapointi 72 ndi pafupifupi mamilimita 25. Pa pepala la A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ine ndimaika mutu pa mapointi 72, tsiku ndi malo pa 48, ndipo zotsalazo pa 24. Chofunika si manambalawa ayi, koma kuti kusiyana kwake kuoneke popanda kuyeza.

Mfundo yachiwiri ndi kuchepetsa mitundu ya zilembo, yomwe pa kompyuta timaitcha mafonti. Awiri ndi okwanira, wina wa mitu ndi wina wa mawu otsala. Pali mafonti okhala ndi timiyendo kumapeto kwa zilembo, monga Times New Roman yomwe idakonzedwera nyuzipepala ya The Times ya ku London mu 1932, ndipo pali opanda timiyendo, monga Arial ndi Helvetica. Kuphatikiza mmodzi wa gulu ili ndi mmodzi wa gulu linalo kumayenda bwino. Mafonti otsanzira cholembera pamanja ndi oyenera liwu limodzi kapena awiri pa khadi la ukwati, osati ndime yathunthu, ndipo akalembedwa m'zilembo zazikuluzikulu zokhazokha sawerengeka n'komwe.

Mfundo yachitatu ndi mpata. Ambirife timaona malo opanda kanthu pa pepala ngati ndalama yotayika, ndiye timadzazapo maluwa. Koma mwana aliyense wa ku Mchinji amadziwa zomwe alangizi a zaulimi amanena pa kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa: njere imodzi pa phando, mapando atalikirane masentimita 25, mizere italikirane masentimita 75. Wothithikiza mbewu amakolola mapesi. Mpata pa tsamba umauza diso kuti mfundo imodzi yathera apa, ina yayambira apo. Zinthu zogwirizana, monga tsiku ndi nthawi, zikhale moyandikana, ndipo zosagwirizana zitalikirane.

Mfundo yachinayi ndi kuwongola mizere. Popanga mizere m'munda timakoka chingwe kuti yonse ilunjike kumodzi. Pa tsamba, sankhani kuti mawu onse ayambire kumanzere kapena onse akhale pakati, osati kusakaniza. Kuika pakati kumayenera mawu ochepa, pamene ndime zazitali zimawerengeka bwino zikayambira kumanzere, chifukwa diso limadziwa kobwerera likamaliza mzere. Katswiri wa ku Canada, Robert Bringhurst, adalangiza kuti mzere umodzi wa ndime ukhale ndi zilembo pakati pa 45 ndi 75, powerengera ndi mipata yomwe. Ukatalika kuposa apo, diso limasochera pobwerera. Ukafupika kwambiri, kuwerenga kumakhala kodukizadukiza.

Mfundo yachisanu ndi utoto. Amalawi timakonda zakuda, zofiira ndi zobiriwira chifukwa ndi za pa mbendera yathu, koma pa mbendera palibe mawu oti munthu awerenge. Mawu ofiira pa malo obiriwira amazunza maso, ndipo pali anthu ena, makamaka amuna, omwe amabadwa osatha kusiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Kuwonjezera apo, makina a fotokope otulutsa zakuda ndi zoyera amasandutsa chofiira ndi chobiriwira kukhala zotuwa zofanana, mawu n'kuzimiririka. Bungwe la W3C, lomwe limakonza malamulo a masamba a pa intaneti, lidalangiza mu 2008 kuti kuwala kwa mawu wamba ndi kwa malo omwe alembedwapo kusiyane ndi mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Zakuda pa zoyera zimafika 21 kwa 1. Ndiye chifukwa chake mawu sayenera kulembedwa pamwamba pa chithunzi chokhala ndi mbali zowala ndi zakuda. Chithunzi chikhale pachokha, mawu pawokha.

Zomwe Chichewa chimafuna

Mfundo zisanu zapamwambazi zimapezeka m'buku lililonse la lusoli. Zomwe mabukuwo sanena ndi zokhudza chiyankhulo chathu, ndipo apa ndi pomwe ife ophunzira za ziyankhulo tili ndi gawo.

Choyamba, mawu a Chichewa amatalika chifukwa mneni amanyamula zambiri m'kati mwake. Liwu loti "sindidzakuiwalaninso" lili ndi zilembo 20, ndipo m'kati mwakemo muli kukana, mwininkhani, nthawi, pamtherankhani, muzu, ulemu ndi kubwereza. M'Chingerezi ganizo lomweli limagawika m'mawu angapo afupiafupi. Masamba okonzedwa kale omwe timawapeza m'mapulogalamu monga Canva adayezedwa ndi mawu afupiwo. Pamalo pomwe adalembapo "Welcome", liwu la zilembo 7, ife timaikapo "Takulandirani", la zilembo 13, ndipo limasefukira. Ambiri amathana ndi vutoli pofinya zilembo kuti zilowe, mwakuti zimaoneka zowonda ngati zadwala. Njira yabwino ndi kuchepetsa kukula kwa fonti, kukulitsa malowo, kapena kulembanso mawuwo mwachidule. Fonti isafinyidwe kapena kukokedwa, monganso chithunzi cha munthu sichiyenera kukokedwa mpaka nkhope kutambalala.

Kutalika kwa mawuku kumabweretsa vuto lina pamene tauza kompyuta kuti iwongole ndime mbali zonse ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Kuti itero, imatambasula mipata ya pakati pa mawu. Mu mzati wopapatiza, ngati wa nyuzipepala kapena wa pulogalamu ya maliro yopinda pawiri, mzere umodzi umatha kulowa mawu awiri okha a Chichewa, lina kumanzere lina kumanja, pakati n'kutsala chigwa. Mizere yotere ikatsatizana, tsamba limaoneka long'ambika. Pa Chichewa ndi bwino kuwongola kumanzere kokha, kumanja n'kusiya mizere ithere pomwe yathera, kapena kukulitsa mzatiwo.

Chachiwiri ndi kadulidwe ka mawu kumapeto kwa mzere. Phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, kupatula "m" yemwe amaima payekha m'mawu monga "mtengo". Choncho timadula "nkhu-ku", "ng'o-mbe", "chi-mwe-mwe". Kompyuta ikasiyidwa kuti izidula yokha, imatsata malamulo a Chingerezi ndipo itha kutulutsa "chim-wemwe" kapena "ng'om-be". Wowerenga amapunthwa, makamaka mwana wa sitandade 2 yemwe adaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo, kapena wachikulire wa sukulu ya kwacha. Wosanja ayenera kuzimitsa kudula kwa makinako, ndipo ngati pafunika kudula, adule yekha pamalire a phatikizo. Asasiyenso lembo limodzi lokha kumapeto kwa mzere, monga "m-" kapena "a-". Pa mutu ndi pa dzina la munthu kapena la malo pasadulidwe konse.

Chachitatu ndi nkhodolero. M'Chichewa kachizindikiro aka kamasintha tanthauzo. "Ng'oma" ndi yoimba ija, pamene "ngoma" ndi nyama ya m'tchire, komanso gule wa Angoni omwe kuno ku Mchinji ndi ambiri. Mafonti ena okongoletsa otengedwa ulere pa intaneti alibe nkhodolero, ndipo amasiya mpata kapena kabokosi pamalo pake. Ena ali nayo koma ndi yaing'ono kwambiri, yosaoneka patali. Chidziwitso chonena kuti kudzakhala ng'oma chitha kuwerengeka ngati kudzakhala ngoma, anthu n'kubwera akuyembekeza zishango. Musadasankhe fonti, lembani mawu monga "ng'ombe", "m'mudzi" ndi "n'zoona" kuti muone ngati nkhodolero ikuoneka bwino.

Chachinayi ndi lembo la ŵ, lomwe timaliona m'dzina loti Malaŵi pa ndalama zachitsulo ndiponso m'Baibulo la Buku Loyera la 1998. Olemba ambiri saligwiritsa ntchito, koma wosanja mawu a wolemba amene waligwiritsa ntchito alibe ufulu wolichotsa. Lemboli lilimo mu Unicode, ndondomeko yomwe imapatsa nambala lembo lililonse la pa kompyuta, ndipo chiyankhulo cha ku Wales nachonso chimaligwiritsa ntchito. Mu Microsoft Word limatuluka munthu akalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Fonti ikakhala kuti ilibe lemboli, kompyuta imabwereka kwa fonti ina, ndipo ŵ amaoneka mlendo pakati pa anzake. Apanso kuyesa fonti musadayambe ntchito kumapulumutsa.

Chomaliza ndi chizolowezi cha makina chokonza mawu okha. Foni kapena kompyuta yomwe yaikidwa pa Chingerezi imaona liwu lililonse la Chichewa ngati lolakwika, ndipo nthawi zina imalisintha mwakachetechete. Tsamba lingakongole bwanji, dzina la malemu likalakwika pa pulogalamu ya maliro, abale sadzakumbukira maluwa a m'mbali aja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wina wodziwa Chichewa, yemwe sadalembe nawo, awerenge mokweza tsamba lisadapite kosindikiza.

Owerenga a m'malire

Kachebere ali m'malire enieni a Malawi ndi Zambia, ndipo chidziwitso chomatidwa kwathu chimawerengedwanso ndi abale athu a mbali ya Chipata omwe timakumana nawo pamaliro, pamaukwati ndi pamsika. Chiyankhulo n'chimodzi, ngakhale kalembedwe ka ku Zambia kamaika "c" pomwe ife timaika "ch". Izi sizisokoneza munthu. Chosokoneza ndi ndalama, chifukwa maiko onse awiri ndalama yawo ndi kwacha koma mphamvu zake n'zosiyana kwambiri, makamaka chichotsereni Zambia maziro atatu pa ndalama yake mu 2013. Kulemba "K500" pa chidziwitso cha m'malire ndi kuitana mkangano pakhomo. Tiyenera kulemba "MK500" kuti aliyense adziwe kuti ndi kwacha ya Malawi. Tsiku nalonso lilembedwe lonse, dzina la tsiku ndi la mwezi m'mawu, osati manambala okhaokha. Zoterezi zimaoneka zazing'ono, koma ndi mbali ya kasanjidwe, pakuti wosanja amayamba wafunsa kuti adzawerenge ndani, ataima pati.

Pepala ndi foni

Chidziwitso chimodzi sichingagwire ntchito mofanana pa mtengo ndi pa foni. Cha pa mtengo chimawerengedwa patali, padzuwa, ndi munthu woyenda. Cha pa foni chimawerengedwa pafupi, koma pa kagalasi kakang'ono kuposa chikhatho, mwina kosweka. Tsamba la A4 likalowa pa foni, zilembo za mapointi 12 zimasanduka nyerere. WhatsApp imachepetsanso kulemera kwa zithunzi potumiza, mwakuti zilembo zowonda ndi mizere yopyapyala zimachita chimbuuzi. Choncho cha pa foni chikonzedwe pachokha: choimirira, cha mawu ochepa, cha zilembo zonenepa. Tikumbukirenso kuti ambiri amagula bandulo yochepa ndipo satsegula chithunzi chilichonse chomwe chafika. Ndi nzeru kulembanso tsiku, malo ndi mtengo m'mawu wamba pansi pa chithunzicho kuti uthenga ufike ngakhale kwa amene sadachitsegule.

Pali mayeso atatu osalira ndalama zambiri omwe ndimachita tsopano. Ndimatulutsa tsamba limodzi la zakuda ndi zoyera kuti ndione ngati mawu onse atsala. Ndimalimata pakhoma n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi. Kenaka ndimalionetsa kwa munthu wosadziwa nkhaniyo kwa kanthawi kochepa, ndimalibisa, ndipo ndimamufunsa mafunso anayi aja. Akalephera limodzi, wolakwa ndine.

Mathero

Chidziwitso chachiwiri cha kwaya ndidachipanga pa ola limodzi. Pamwamba padali mawu atatu akuda, "Mpikisano wa Makwaya". Pansi pake padali tsiku ndi nthawi, kenaka malo, kenaka mtengo wolowera m'makwacha a Malawi, ndipo pansi penipeni mzere umodzi wonena kuti ndalama zake ndi zogulira malata a tchalitchi. Chithunzi chidali chimodzi chokha, cha ng'oma, pakona. Ndidakachimata pa chitseko cha nkhokwe n'kuitana agogo, omwe maso awo adayamba kale kuchita nkhungu. Adaima pomwe adali ndi lichero m'manja, adawerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, ndipo adati, "Loweruka lomweli? Ndiye uwauze atsibweni ako andisungire malo kutsogolo." Atsibweni atachiona adadandaula pang'ono kuti nkhunda zija zapita kuti, koma adalamula kuti tipange makope makumi atatu.

Anthu adabwera, ena ochokera kutsidya kwa malire, ndipo ndalama zomwe zidapezeka zidagula gawo la malata omwe ankafunika. Sindinganene kuti chidawabweretsa ndi pepala langa, pakuti kumudzi uthenga umayenda kwambiri pakamwa. Chomwe ndikudziwa n'chakuti palibe adafunsanso kuti zichitika liti.

Pempho langa kwa anzanga a m'dipatimenti ino ndi lakuti tisaione ntchito yosanja masamba ngati ya anthu a zamakompyuta okha. Mabuku a ana, timapepala ta kuchipatala, zidziwitso za katemera ndi mauthenga a zaulimi zonse zimadutsa m'manja mwa wosanja, ndipo iye akadula liwu pakati pa phatikizo kapena akataya nkhodolero, wovutika ndi wowerenga wa kumudzi yemwe alibe womufunsa. Ife tidaphunzira maphatikizo, zizindikiro za m'kalembedwe ndi malamulo a kalembedwe ka Chichewa. Tiyenera kukhala pambali pa wosanjayo, kapena kuphunzira kusanja tokha.